Kwa mayi amene mwana wawatuma kukajambula Seoul ya m'kanema ija

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe amene akupita ku Seoul mu Okutobala ku maphunziro a kuntchito. Akakhalako sabata imodzi, koma masiku opuma ndi awiri okha, Loweruka ndi Lamlungu. Mwana wawo wamkazi wa zaka 11 waonera kanema wa zojambula wa KPop Demon Hunters kambirimbiri mpaka nyumba yonse inaloweza nyimbo zake, ndipo wawalembera mndandanda wa malo oti akajambule. Funso lawo n'lakuti, kodi malowa alipodi kapena ndi zojambula chabe? Ngati alipo, masiku awiri angakwane?

Mayi, malowa alipodi, ndipo masiku awiri ndi okwanira mukapanda kufuna kumaliza mndandanda wonse. Kanemayu anatuluka pa Netflix mu June 2025. Anapangidwa ndi Sony Pictures Animation ya ku America, koma mmodzi mwa owongolera ake, Maggie Kang, anabadwira ku Seoul n'kukulira ku Canada, ndipo mzinda wakwawo sanaujambule mongoyerekeza. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti ojambulawo anasoka mzindawu ngati nsalu ya zigamba. Atsikana atatu oimba a m'kanemayu, amenenso amasaka ziwanda, amachoka pamalo ena n'kufika pena m'kuphethira kwa diso, pamene inu mudzafunika mphindi 40 m'sitima yapansi panthaka. Zina anakulitsa, zina anawonjezera. Mukapita ndi foni m'manja kufunafuna ngodya yofanana ndendende ndi ya m'kanema, mudzatopa n'kubwerako wokhumudwa.

Mutandipatsa malo amodzi okha oti ndisankhe, ndingasankhe Naksan Park, paphiri pamene padutsa linga lakale limene Rumi, mmodzi mwa atsikanawo, ndi Jinu, mtsogoleri wa gulu la anyamata asanu oimba amene ndi ziwanda, amakumanapo mobisa usiku. Phirilo ndi laling'ono, mamita pafupifupi 125, ndipo dzina lake linachokera ku linunda la ngamila chifukwa cha maonekedwe ake. Mutsike pa siteshoni ya Hyehwa, njanji nambala 4, n'kukwera chitunda wapansi. Chitundacho n'chowawa ndithu, choncho muvale nsapato zafulati. Lingalo amalitcha Hanyangdoseong. Linamangidwa mu 1396 mu ulamuliro wa Mfumu Taejo, amene anayambitsa ufumu wa Joseon, ndipo linazinga mzinda wonse mtunda wa makilomita 18.6 kudutsa m'mapiri anayi: Bugaksan, Naksan, Namsan ndi Inwangsan. Anthu pafupifupi 200,000 anatengedwa m'maboma osiyanasiyana kudzagwira ntchitoyo.

Mukafika, musafulumire kuyang'ana magetsi a mzinda. Muyambe mwayenda kunja kwa linga n'kuyang'anitsitsa miyala. Pali miyala yosasemedwa bwino ya nthawi ya Taejo, pali ina yosalazidwa m'mbali ya nthawi ya Mfumu Sejong cha m'ma 1422, ndiye pali ina yamakona anayi, yolingana ngati njerwa zazikulu, ya nthawi ya Mfumu Sukjong cha m'ma 1704. Pakhoma limodzi mumawerenga zaka mazana atatu. Miyala ina inazokotedwa maina a maboma amene anthu ake anamanga chigawocho, kuti chikagumuka akaitanidwe omwewo kudzakonzanso. Ine zimenezi zimandikhudza kwambiri, chifukwa omangawo anali alimi wamba amene anasiya minda ndi ana kumudzi, ndipo ambiri anafera pantchitoyo. Kanemayu akukamba za anthu amene amateteza anzawo ndi chotchinga chosaoneka, ndiye n'zoyenera kuti awiri aja azikumana pa chotchinga chenicheni cha miyala. Mukayenda motsata linga kutsikira ku chipata cha Heunginjimun, chimene ambiri amati Dongdaemun, dzuwa likulowa ndipo nyale za m'munsi mwa khoma zikuyaka, mudzakhala mwaona chimene mwana wanu anakonda. Chonde musakwere pamwamba pa linga ngati mmene amachitira a m'kanema. N'zoletsedwa, komanso mbali inayo ndi phompho.

Bukchon ndiye pamene ndikufuna tikambirane mofatsa. Awa ndi malo a nyumba zamakolo zotchedwa hanok, za madenga a mapale akuda opindikira m'mwamba, zimene m'kanema anthu amayendapo pamwamba usiku. Ali pakati pa nyumba ziwiri zachifumu, Gyeongbokgung ndi Changdeokgung, ndipo mumatsikira pa Anguk, njanji nambala 3. Zambiri mwa nyumbazi si zakalekale ngati linga lija. Zinamangidwa cha m'ma 1930, dziko lili pansi pa Japan, pamene anthu monga Jeong Se-gwon ankagula malo aakulu a anthu olemera n'kuwagawa tinyumba ting'onoting'ono toti mabanja a Chikoreya azitha kugula. Mpaka lero mumakhala anthu. Kuseri kwa chitseko chamatabwa chimene alendo amatsamira pojambulitsa kuli agogo amene akugona, kuli mwana amene akuwerengera mayeso.

Anthuwo anatopa ndi phokoso, zinyalala ndi alendo osuzumira m'mipanda, moti boma la dera la Jongno, kumene kuli Bukchon, linaika lamulo. Mumsewu wotchuka wa Bukchon-ro 11-gil ndi malo ozungulira, alendo amaloledwa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo basi, ndipo kuyambira mu Malichi 2025 wophwanya lamuloli amalipira chindapusa cha ma won 100,000, ndalama za ku Korea. Ndiye chithunzi cha usiku cha pamadenga chija muchiiwale. Ena amadandaula nalo lamuloli, koma ine ndili mbali ya eni mudzi. Pafupi ndi Naksan pomwepo pali mudzi wa Ihwa umene unatchuka ndi zithunzi zopentedwa pamakoma ndi pamasitepe. Mu 2016 anthu ena okhala kumeneko, atalephera kupirira khamu la alendo, anatenga penti n'kufufuta zithunzi zotchuka za pamasitepe ndi manja awo. Munthu safika pofufuta chokongola cha pakhomo pake asanavutike kwa nthawi yaitali. Mupite cha m'ma 10 koloko, mulankhule chapansipansi, mujambule madenga ndi msewu, ndipo chitseko mukachipeza chotsegula mungodutsa.

Tsiku loyamba likhale limenelo: Bukchon m'mawa, Naksan kachisisira. Pakati pake mukhoza kudutsa ku Myeongdong, kumene kumafanana ndi msika umene anyamata asanu aja anaimbirapo koyamba. Ndi misewu ya masitolo a zodzola ndi zakudya zapamsewu, ndipo ola limodzi ndi lokwana.

N Seoul Tower, nsanja ya pa phiri la Namsan imene nkhani imathera, ndi yotalika mamita 236 ndipo inatsegulidwa kwa anthu mu 1980. Mukhoza kukwera phirilo pa basi kapena pa chikepe choyenda pachingwe chimene chakhala chikugwira ntchito kuyambira 1962. Mumuuziretu mwana kuti bwalo lalikulu la zoimbaimba limene anaona pamenepo kulibe. Kuli kabwalo kochepa, malo odyera ndi mipanda yodzaza maloko amene okondana amakiyapo. Kulipira kuti mukwere m'kati mwa nsanjayo sindikukuumirizani, poti mzinda umaoneka bwino ngakhale muli patsinde pake. Bwalo la Jamsil, limene nalonso lili m'kanemayu ndipo linachititsa masewera a Olympics a 1988, lakhala likukonzedwa kuyambira 2023, choncho musatayirepo nthawi. Sikirini yaikulu yokhota imene imaonekanso m'kanemayu, ya pa nyumba ya zionetsero ndi masitolo ya COEX ku Gangnam, ya mamita pafupifupi 80 m'litali, ili pafupi ndi siteshoni ya Samseong. Mphindi khumi mwaiona, mwajambula, mwatha.

Chimene ndingakonde musaphonye tsiku lachiwiri ndi National Museum of Korea, pa siteshoni ya Ichon. Kulowa m'zipinda zake zanthawi zonse ndi kwaulere. Kambuku wamaso aakulu ndi mbalame yovala chipewa zimene ana amazikonda m'kanema muja sizinangopekedwa. Zinachokera ku zojambula zakale za anthu wamba zotchedwa hojakdo, zoonetsa kambuku wa mizeremizere ndi mbalame yakuda ndi yoyera yofananako ndi khwangwala. Anthu ambiri amamasulira kuti kambuku wooneka wopusayo ndi akuluakulu a boma, ndipo mbalame yomulalatira ili mumtengo ndi anthu wamba. Nazonso zipewa zakuda za anyamata aja ndi gat, zolukidwa ndi ubweya wa hatchi, zimene m'nthano za kumeneko amavala amithenga odzatenga mizimu ya akufa. Kanemayu atatuluka, timabaji ta kambuku ndi mbalame ta m'sitolo ya pamalowa tinkatha msangamsanga. Mukatipeza, mphatso ya mwana ndi imeneyo.

Madzulo ake mukwere njanji nambala 7 kuwoloka mtsinje wa Han pa mlatho wa Cheongdam, umene magalimoto amadutsa pamwamba, sitima pansi pake. Nkhondo ya padenga la sitima ija inachitikira pamenepo. Mutsike pa Jayang, mulowe m'paki ya Ttukseom, mugule gimbap, mpunga wokulungidwa m'ndere za m'nyanja umene atsikana aja amadya mwadyera, pamodzi ndi ramyeon, manudozi a m'paketi, yophikira pamakina a m'sitolo momwemo, n'kukhala pa udzu ngati eni dziko.

Mugule khadi la T-money mukangofika pabwalo la ndege la Incheon, chifukwa limagwira m'sitima ndi m'basi momwe. Muikenso Naver Map kapena KakaoMap mufoni musananyamuke, poti mapu amene tinazolowera kuno sathandiza kwenikweni pa njira za wapansi kumeneko.

Nthawi ya ku Korea ili patsogolo pa ya ku Malawi ndi maola asanu ndi awiri. Mu Okutobala dzuwa la ku Seoul limalowa cha m'ma 6 koloko kapena isanakwane pang'ono, pamene ku Lilongwe ili cha m'ma 11 koloko m'mawa. Loweruka limenelo mwana adzakhala ali pakhomo. Muwauziretu bambo ake kuti foni ikhale ndi bandulo, ndipo nyale za pa linga la Naksan zikamayaka, mumuimbire pa vidiyo kuti aone yekha.