Chifukwa chake ndege za mabwana zimakonda mabwalo ang'onoang'ono

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji tindege ta mabwana timatera ku Lanseria, bwalo laling'ono la ku Johannesburg, pomwe bwalo lalikulu la OR Tambo lili pomwepo, komanso ngati sakuthawa kusechedwa. Chimene anthu amenewa amalipira ndi nthawi. Ku OR Tambo ndege zikuluzikulu zimatera ndi kunyamuka motsatizana, ndiye kandege ka anthu 8 nako kamadikira pamzere, eni ake akuyang'ana wotchi. Ku Lanseria, bwalo lomwe linatsegulidwa mu 1974, munthu amatsika galimoto, kuyenda pang'ono, wakwera kale. Kwina konse ndi chimodzimodzi: opita ku London amatera ku Farnborough kapena Biggin Hill, a ku Paris ku Le Bourget, a ku New York ku Teterboro.

Koma nkhani yeniyeni ili kutali ndi mizinda. Tiyerekeze kuti makina afa pa mgodi wa Kansanshi ku Solwezi, ndipo injiniya ndi chitsulo chofunikacho ali ku Lusaka. Pamsewu ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ntchito itaima, ndalama zikungotayika. Kampani ikachita hayala ndege, munthuyo amanyamuka nthawi imene wafuna, nakayamba ntchito tsiku lomwelo. Ambiri okwera ndegezi ndi anthu otere: mainjiniya, madokotala, alendo opita ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa, kapena opita ku Likoma amene sangadikire Ilala. Ku America kuli mabwalo pafupifupi 5,000 amene aliyense angaterepo, koma ndege za matikiti zimafika pa mabwalo pafupifupi 500 okha. Ena onsewo ndi a tindege timeneti.

Ndiye si zonse zili ndi mipando yachikopa ayi. Cessna Caravan, King Air ndi Pilatus PC-12 zimatera ngakhale pa dothi kapena pa udzu. Pa mabwalo akumudzi woyendetsa amayamba wadutsa chapansipansi kuti aone ngati pali mbuzi, ng'ombe, ana osewera mpira kapena madzi odikha, kenako n'kuzungulira kudzatera. Ku Australia, bungwe la Royal Flying Doctor Service, lomwe linayamba mu 1928, limanyamula odwala pa PC-12 yomweyo kuchokera kumadera omwe chipatala chili kutali zedi. Apa m'pamene mtima wanga uli. Bwalo limene bwana wa mgodi amaterapo ndi lomwelo limene lingapulumutse mayi amene uchembere wamuvuta, ndipo ndimamva chisoni ndikaona bwalo laboma litamera tchire, mpanda utabedwa, anthu akulimamo chimanga.

Za kusechedwa, lamulo lilipo. Ndege yochokera kunja iyenera kuyamba yatera pa bwalo lomwe pali odinda mapasipoti ndi oona za katundu, ndipo ku Lanseria onsewa alipo. Komabe kukayikira kwanu kuli ndi mutu. Mu April 2013 ndege yahayala yonyamula alendo a ukwati wa banja lolemera la Gupta, opita ku malo achisangalalo a Sun City, inatera pa bwalo la asilikali la Waterkloof, ndipo dziko lonse la South Africa linagwedezeka pofunsa kuti anawaloleza ndani. Mu August 2023 a Drug Enforcement Commission, bungwe lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo ku Zambia, anagwira ndege yochokera ku Cairo ili ndi ndalama zoposa madola 5 miliyoni, mfuti ndi zitsulo zimene poyamba ankati ndi golide. Taonani kuti imeneyo inagwidwa pa bwalo lalikulu la Kenneth Kaunda, ndipo ya a Gupta inali Airbus yaikulu. Pa nkhani ziwirizi kuchepa kwa bwalo kapena kwa ndege sikunalowepo. Chimene ndimafuna ine n'chakuti wogwira ntchito pa bwalo azitha kutsegula chikwama cha bwana mmene amatsegulira chathu pa Mwanza, osaopa kuti foni ilira kuchokera kumwamba.