Wanga anagwada mu 2017, ine ndinamuwomba mbama

Achemwali, musamulande foni mwanayo, ndipo zomutumiza kumudzi kuti akaphunzire mwambozo zisiyeni kaye. Nditangowerenga kuti wayamba kukuyankhani za tsankho n'kumafuna kupita ku zionetsero, m'mimba mwanga mwatentha. Ndili kuntchito, ndikulemba chothamanga.

Wanga anali ndi zaka 16, ankasewera mpira wa kuno uja wovala zipewa zolimba, pa sukulu ina kuno ku Indiana, ku America. Inu amene mwabwera chaposachedwa simungadziwe mmene kunalili zaka zimenezo. Ana athu anakulira pamoto ife tili kalikiliki ndi mashifiti, kusambitsa agogo a eni ake. Mu 2012 ku Sanford, ku Florida, anawombera Trayvon Martin, mnyamata wakuda wa zaka 17 wochokera kogula maswiti atavala hoodie. Ine ndinatani? Ndinatolera ma hoodie onse m'nyumba n'kukawapereka kwa osowa, basi ndinaona ngati nkhani ndathana nayo. Mu 2014 kunabuka za ku Ferguson, komwe wapolisi anawombera mnyamata wakuda, ndi za Eric Garner, yemwe anafa apolisi atamukanyanga pakhosi ku New York, mpaka katswiri wa basketball LeBron James anatulukira m'bwalo atavala malaya olembedwa mawu omwe Garner ankanena akubanika. Mu 2016 Philando Castile anawomberedwa ndi wapolisi m'galimoto ku Minnesota chibwenzi chake chikuulutsa pa Facebook, ndipo mwana wanga anaonera yekha kuchipinda ine ndili ku shifiti ya usiku. Sanandiuze. Akanandiuza bwanji poti yankho langa linali limodzi lomwelo, ife tinabwera kudzafuna sukulu ndi ndalama, za akuda a kuno si zathu.

Ndiye kunabwera Colin Kaepernick, wosewera mpira womwewo mu timu ya San Francisco 49ers, kugwada poimba nyimbo ya fuko posonyeza kukana nkhanza zimenezi. Mu Sepitembala 2017 a Trump ali ku Alabama anati eni matimu azichotsa ntchito osewera ogwadawo, ndipo Lamulungu lake osewera oposa 200 anagwada kapena kukhala pansi. Patangopita milungu iwiri a Pence, wachiwiri kwa pulezidenti nthawi imeneyo, omwe kale anali gavanala wathu konkuno, anatuluka m'bwalo ku Indianapolis chifukwa cha zomwezo. Tangoganizani kuti kuno kunali mpweya wotani.

Lachisanu lake ndinapempha mnzanga kuti andigwirire shifiti, kanali koyamba chaka chimenecho kukaonera mwana wanga. Kunkazizira koopsa, ndinafunda chitenje pamwamba pa jekete. Mayi wina wachizungu amene ndinakhala naye pafupi anandigawira mbuliwuli, tikuseka, ine n'kumamulozera kuti wanga ndi uyo. Bandi inayamba nyimbo, tonse tinaimirira dzanja pachifuwa. Ndikuyang'ana m'bwalo, ndinaona anyamata atatu ali bondo limodzi pansi. Wapakati anali wanga. Poyamba ndinati kapena akumanga chingwe cha nsapato. Kenako ndinati kapena akupemphera. Bambo wina kumbuyo kwanga anakuwa kuti abwerere ku Africa, ena n'kumawombera m'manja. Kapu ya zakumwa inauluka pamwamba pa mutu wanga, madzi oundana anandilowa m'khosi. Mayi wa mbuliwuli uja anasuntha pang'onopang'ono mpaka pakati pathu panatsala malo a anthu awiri. Miyendo yanga inafa. Ndinkangoganiza za mapepala a bambo ake omwe anali asanatuluke, kuti basi atipeza, zaka zonse zija zapita m'madzi.

Mpira sindinauone. Nditamupeza poimika magalimoto, thumba lili paphewa, anzake ali pomwepo, dzanja linangopita lokha. Phaa! Mwana wamtali kuposa ine. Sanalire, anangondiyang'ana n'kunena m'Chichewa chake chothyokathyoka chija, "Amayi, si inu munandiphunzitsa kugwada?"

Mpaka lero mawu amenewo amandidzutsa usiku. Chifukwa n'zoona. Ndinkamugwaditsa popereka madzi kwa alendo, ndinkamugwaditsa popereka moni kwa agogo ake titapita ku Dedza. Kwathu wamwano ndi amene amalankhula ndi akulu ali chiimire. Koma tsiku limenelo ndinamumenya chifukwa chogwada.

Ndipo wina anajambula. Pofika m'mawa kavidiyo kanali kali pa gulu la WhatsApp la Amalawi a dera lathu. Apa ndiye pamene ndimapsa mtima mpaka pano. Azungu okuwa aja sindiwadziwa, ndi zawo. Koma bambo ena a kutchalitchi kwathu, sinditchula dzina, anatumiza voice note ya mphindi zinayi, akuti taonani zotsatira zolerera ana pa TV, mwanayu wasanduka wakuda wa kuno, atiyambitsira mavuto tonse. Bambo amenewo atangofika kumene anagona pa sofa yanga miyezi itatu! Ndinkawaphikira nsima ya ufa woyera umene ndinkachita kusunga ngati mankhwala. Amene ankawaphunzitsa kukwera basi ndi kudzaza mafomu pa kompyuta anali mwana yemweyo. Palibe ngakhale mmodzi pagulupo amene anaimba foni kufunsa ngati mwana ali bwino. Ankangoti amayi mwachita bwino, mbama imeneyo ndiye yachimalawi. Ine n'kumavomera, chitsiru ine.

Kochi anamukhazika pabenchi masewera otsatira, akuti si chilango, akungomuteteza. Ine ndinamukakamiza kulemba kalata yopepesa, ndinaima kumbuyo kwake mpaka anasaina. Chaka chitatha mpira anausiya. Chichewa anachisiyanso. Zaka ziwiri zathunthu m'nyumba mwanga munali "yes mom", "no mom", nsima akudya koma maso ali pa mbale.

Zina ndinadzazidziwa mochedwa, wondiuza anali mlongo wake. Kaepernick poyamba ankangokhala pansi, amene anamulangiza kuti azigwada anali Nate Boyer, yemwe anali msilikali, poti asilikali amagwada pamanda a anzawo. Ndiye kuti ngakhale kuno linali la ulemu bondo lija. Komanso khoti lalikulu la dziko lino linagamula kale mu 1943, pa mlandu wa ana a Mboni za Yehova ku West Virginia, kuti sukulu ya boma singakakamize mwana kuchitira sawatcha mbendera. Ine wobadwa nthawi ya Kamuzu, amene ndinakula ndikumva mmene a Mboni anathamangitsidwira atawaletsa mu 1967, mantha ake ndinabwera nawo m'ndege. Ndinkaona ngati a Youth League abwera usiku.

Ndiye onani dziko lake ili. Mu 2018 Nike inamuika Kaepernick pa malonda ake, ena akuotcha nsapato zawo pa intaneti, ana a bambo a voice note aja akubwera kutchalitchi atavala Nike kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mu 2020, George Floyd ataphedwa ndi wapolisi, mkulu wa NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, anavomera poyera kuti analakwa posamvera osewera, ndipo bambo omwewo anaika chithunzi chakuda pa Facebook. Ndinaseka mpaka misozi. Kaepernick yekhayo sanabwererenso m'bwalo, ndipo wanganso sanabwerere.

Ndiye achemwali, khalani naye pansi, mumufunse zomwe waona pa foniyo, muonere limodzi ngakhale zikuwawa. Musamuuze kuti iye si wakuda wa kuno, wapolisi akamuimitsa usiku safunsa kuti kwanu ndi ku Ntcheu kapena ku Chicago. Ndipo musamvere za anthu a pagulu, ineyo ndiphatikizeni.

Koma ku zionetseroko, ngati mapepala a wina aliyense m'nyumbamo sanatuluke, asapite. Ndikunena zoona, asapite. Akangomugwira kamodzi, ngakhale pa mlandu wopanda pake, nkhaniyo idzatulukira tsiku lofunsidwa za green card, chiphaso chokhazikika kuno, ndipo anzake obadwira kunowo adzakhala ali kwawo akugona. Asaikenso nkhope yake pa intaneti atanyamula chikwangwani. Wanga pano ndi bambo wandevu, timalankhulana bwinobwino, koma akamayendetsa galimoto usiku ndimamuimbira kuti avule hoodie, iye n'kumati amayi mwayambanso. Foniyo musamulande, inde, koma ikakwana 10 koloko usiku azikusiyirani patebulo, amalipira ndinu. Belu la agogo a chipinda chachitatu likulira, ndapita.