Nyama yapsa kapena yapserera? Mafunso ochokera m'chipinda chodyera cha kuhotela

Mayi wina wa ku Chilomoni walemba kuti: "Tinapita kukadya nkhomaliro kuhotela ina m'tauni muno, ndipo nyama yowotcha imene anandibweretsera inali yoderatu ndiponso yowawa. Ndinauza woperekera zakudya kuti nyamayi yapsa, koma iye anangomwetulira n'kunena kuti zikomo. Kodi ndinalakwitsa pati?"

Mayi, munthuyo sanakunyozeni, koma anamva ngati mukuyamikira. Mneni wakuti kupsa ali ndi matanthauzo awiri, ndipo chimene chimatiuza tanthauzo lake ndi chinthu chimene chapsacho. Nyumba ikapsa pamsika wa Ndirande timalira, mwana akapsa ndi madzi otentha timathamangira naye kuchipatala cha Queens, koma nsima ikapsa timasamba m'manja, ndipo mango akapsa timathyola. Pa chakudya, kupsa ndiko kufika pake poti munthu adye. Mawu amene munkafuna ndi akuti nyama yapserera. Kachidutswa ka -erera kapena -irira kamene timawonjezera kutsinde la mneni kamasonyeza kuti ntchito yadutsa malire ake, monga momwe kupita kumasiyanirana ndi kupitirira. Mukanati yapserera, mbale ija ikanabwerera kukhitchini nthawi yomweyo.

Mpofunikanso kusamala ndi mawu akuti kuwawa, chifukwa amanyamula katundu wambiri. Chakudya chimawawa chikapserera, chimawawa akathiramo tsabola wa kambuzi, ndipo chimawawanso mchere ukachuluka, kotero wophika amene wangouzidwa kuti ndiwo zikuwawa sadziwa choti akonze. Nenani chimene chavuta: mchere wachuluka, tsabola wapitirira, kapena mchere sunakolere ngati wachepa. Ndimu amawawasa, pamene ndiwo zogona zimene zayamba kuwonongeka timati zasasa. Ine mtima umandipweteka ndikamva mlendo akuyamikira chambo chokazinga bwino ponena kuti chikununkha, pomwe akutanthauza kuti chikununkhira, pakuti mawu oyambawo ndi a fungo loipa ndipo wophika akawamva angathe kutaya nsomba yabwinobwino. Ngati simufuna nyama yofiira mkati, imene alendo ena akunja amaikonda, nenani poitanitsa pomwepo kuti ipse mpaka mkati ndipo isaoneke magazi.

Mnyamata wina amene akuphunzira ntchito yosamalira alendo ku Malawi Institute of Tourism muno mu Blantyre akufuna kulemba menyu (mndandanda wa zakudya) m'Chichewa, ndipo wafunsa kuti: "N'chifukwa chiyani timalemba chakudya ndi chakumwa, koma chokoma ndi chodyera? Nanga ntchito yangayi ndine woperekera kapena woperekeza?"

Funso limeneli landikondweretsa kwambiri, chifukwa kuchokera mu 1968 pamene Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lino, chalowa m'sukulu, pawailesi ndi m'nyuzipepala, koma pamenyu ya kuhotela chimaonekera kwenikweni m'mawu ochepa monga nsima ndi chambo. Lamulo limene mukufunsali ndi losavuta. Pamene cha, wa, ya kapena za akumana ndi ku wa mneni, ziwirizi zimaphatikizana n'kukhala cho, wo, yo kapena zo, ndipo n'chifukwa chake cha kukoma amasanduka chokoma, ya kukazinga amasanduka yokazinga. Koma ngati tsinde la mneni lili ndi phatikizo limodzi lokha, monga -dya, -mwa, -psa, -ba ndi -fa, kuphatikizanako sikuchitika, ndipo timati chakudya, chakumwa, nthochi yakupsa, munthu wakuba. Tsinde lomwelo likatalika lamulo loyamba limabwerera: -dyera ali ndi maphatikizo awiri, motero timati chipinda chodyera, malo odyera ndi kapu yomwera madzi. Mawu akuti zokudya ndi zokumwa amamveka pakamwa pa anthu ambiri m'misika, koma polemba tsatani zakudya ndi zakumwa.

Pa mitu ya menyu yanu musavutike kupeka mawu, popeza kadzutsa, nkhomaliro ndi mgonero alipo kale. Kumbukiraninso kuti dzina lakuti ndiwo limayenda ndi za, choncho mulembe ndiwo za lero, osati ndiwo ya lero, ngakhale mphikawo uli umodzi. Phala ndi supu timamwa, nsima timaiwerenga m'mitanda, ndipo masamba othira nsinjiro ndi otendera. Ponena za ntchito yanu, inu ndinu woperekera zakudya, kuchokera ku mneni wakuti kupereka. Woperekeza ndi amene amayenda ndi mlendo kukamusiya panjira, ndipo mudzakhala woperekeza pokhapokha mukatuluka naye mpaka pagalimoto. Mlendonso amaitanitsa chakudya; mawu akuti kuoda, ngakhale afala, kwa amalonda a ku Limbe amatanthauza kugula katundu wambiri wokagulitsa.

Funso lachitatu lachokera kwa bambo wina wa ku Namiwawa, amene mwana wake anamudzudzula chifukwa choitana mtsikana woperekera zakudya kuti "iwe, tandipatsa madzi". Bamboyu akuti mtsikanayo ndi msinkhu wa mwana wake wamkazi, ndipo akufunsa ngati kunena iwe kwa mwana n'kulakwa.

Bambo, kunyumba kwanu sikulakwa, koma patebulo la kuhotela mwana wanu ananena zoona. Iwe ndi mawu a pakati pa anthu ozolowerana kapena a mkulu kwa mwana wake, pamene mtsikanayo ndi munthu wamkulu amene ali pa ntchito yake ndipo simunamulere ndinu. Kwa iye timati inu, ndipo mneni amatsatira ulemu womwewo. Taonani masitepe ake: tandipatsa ndi lamulo louma, ndipatseni lili ndi -ni waulemu, ndipatseniko lafewetsedwa ndi -ko, ndipo mungandipatseko madzi ndi pempho limene limasiyira winayo mpata woyankha ngati munthu. Kachidutswa ka -ko n'kakang'ono, koma kamachepetsa kulemera kwa chimene mukupempha, ngati kuti mukungofuna pang'ono chabe.

Pomuitana, anthu a mu Blantyre tili ndi mwayi wa mawu akuti achimwene ndi achemwali, amene tinabwereka ku Chiyao ndipo amakwanira munthu wachilendo popanda kumukweza kapena kumutsitsa. Wachikulire timamutcha bambo kapena mayi. Zikomo yekha, mutakweza dzanja pang'ono, amagwiranso ntchito imeneyi, chifukwa m'Chichewa zikomo sathokoza kokha koma amapemphanso chidwi ndi njira. Aise asiyireni anzanu a kumpira, ndipo kuimba mluzu kapena kuomba m'manja poitana munthu sindingakuvomerezeni. Mukamaliza kudya, nenani kuti "achemwali, mungatibweretsereko bilu", ndipo ngati mwaganiza zomusiyira ndalama pamwamba pa mtengo wa chakudya, mupatseni ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira pamkono, n'kunena kuti "kangachepe aka n'kanu".