Za kuwauza amayi matenda a amalume

Achimwene, mwaswera bwanji. Voice note yanu ija ndaimva, kungoti ndimafuna ndiyankhe nditakhala pansi. Mwafunsa kuti poti adokotala anena kuti khansa ya amalume yafika kuchiwindi ndipo opaleshoni singathandizenso, kodi amayi tiwauze kapena tiwabisire chifukwa cha BP yawo ija. Ine ndikuti auzidwe. Koma pali munthu amene tonse tawadumpha pa zokambirana zathuzi, eni ake matendawo. Nkhaniyi ndi ya amalume. Yambani mwawafunsa iwowo kuti, amalume, kodi alongo anu tiwauze ife, muwauza nokha, kapena tikhale limodzi? Mwina akufuna anene ndi pakamwa pawo, ife n'kumangothamanga.

Za BP zo, mantha anu ndi omveka ndithu. Ilipo nthenda ina imene madokotala a ku Japan anayamba kuifotokoza mu 1990, amaitcha takotsubo. Munthu akadzidzimuka kwambiri ndi uthenga woipa, mtima umafooka mwadzidzidzi, pachifuwa n'kumapweteka, kupuma n'kumabanika, ndipo imakonda kugwira amayi achikulire. Koma siichitikachitika, komanso ambiri amachira pakatha masabata angapo. Ndiye taganizani bwino. Chimene tikuopa ndi kudzidzimuka, eti? Nanga tikabisa, adzamva bwanji? Adzamva kwa munthu wodzazonda odwala amene akuyesa kuti akudziwa kale, kapena adzamva tsiku limene amalume atisiya. Kudzidzimuka kwenikweni ndi kumeneko. Pamwamba pake adzatifunsa kuti, ana inu munandimana bwanji mpata wocheza ndi mlongo wanga? Ine funso limenelo sindingathe kuliyankha.

Komanso musaganize kuti amayi sakuona. Munthu waonda chonchija, maso achita chikasu, ife tikangowaona akubwera timadula nkhani. Akudziwa kuti pali chinachake, angokhala chete potilemekeza.

Tsono kanenedwe kake. Ife pophunzira unamwino anatiphunzitsa njira youzira munthu uthenga woipa yotchedwa SPIKES, imene inasindikizidwa mu 2000 ndi madokotala awiri, Walter Baile ndi Robert Buckman, pamodzi ndi anzawo. Ili ndi masitepe 6, sindikuwerengerani onse, ndingotapa zokuthandizani. Osanena pafoni ayi. Mupite, mukhale pansi, osaima pakhomo ngati mwadzabwereka chinthu. Foni muike pa silent, TV muzimitse, ana atuluke. Muonetsetse kuti mankhwala awo a BP amwa tsiku limenelo, ndipo chikhale chakum'mawa, si usiku woti mukachoka atsale okha ndi maganizo. Mutenge munthu mmodzi, azakhali akwanira. Mukapita gulu adziwiratu musanatsegule pakamwa, ndiye ayamba kuganiza zoposa zimene zilipo.

Musayambe ndi kunena, yambani ndi kufunsa. Amayi, mmene mukuwaonera alongo anu masiku ano, inu mukuti vuto ndi chiyani? Mudzadabwa, mwina adzatchula okha. Kenako muwachenjeze kaye ndi mawu ochepa, kuti amayi, zotsatira zakuchipatala zabwera, ndipo si zabwino. Mupume pang'ono. Ndiye munene dzina lake, ndi khansa, ndipo yafalikira. Osati kachotupa, osati kavuto kam'mimba. Mukazungulira, iwo agwira mawu ofewawo n'kumayembekezera kuti sabata yamawa munthu adzuka, ndiye mudzafunika kuwapweteka kachiwiri.

Mukatero, khalani chete. Apa ndi pamene ambiri timalephera, ndipo inu achimwene ndimakudziwani, mumafulumira kutonthoza. Mudzafuna kuyamba kufotokoza za scan, za magazi, za mayina a mankhwala. Asa. Munthu akangomva mawu oti khansa, zonse zimene munganene pambuyo pake zimangodutsa, mawa adzakufunsaninso zomwezo, ndipo mudzayankhe ngati akufunsa koyamba. Akalira, alire. Musati limbani mtima, musati musalire. Mwinanso sadzalira n'komwe. Ndaonapo kuntchito mayi atauzidwa za mwana wawo, anangodzuka n'kuyamba kupinda zovala zimene zinali zopinda kale, misozi inabwera pambuyo pake. Ena amakalipira wonenayo. Akakukalipirani musabweze, si inu amene akulimbana nanu. Chokhacho choti musachedwe nacho, akadandaula kupweteka pachifuwa, kubanika, kapena mbali imodzi ya thupi ikafooka, thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.

Adzafunsa kuti, ndiye amwalira? Musanene kuti achira, chifukwa limenelo ndi bodza limene lidzatitsata. Musanenenso kuti palibe chimene madokotala angachite, chifukwa nalonso si zoona. Kuchiza sangathe, koma ululu angauchepetse, alipo mankhwala amphamvu ngati morphine, alipo oletsa kusanza, munthu amatha kugona bwino n'kumacheza ndi abale ake. Munene zimenezo. Akafunsa kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji, musatchule miyezi, ngakhale adokotala amangoyerekeza. Muwauze kuti akafuna tidzapita nawo akafunse okha. Akafuna kupemphera, pempherani nawo, koma musathamangire pemphero pofuna kuthawa mafunso awo.

Ana aja nawonso adzafunika kuuzidwa, koma ndi tsiku lina. Mwachidule, agogo akudwala kwambiri, matenda ake si opatsirana, ndipo palibe amene walakwitsa. Ana aang'ono amakonda kudziimba mlandu pa zinthu zoterezi.

Ndipo nonse amene muli pagulu la WhatsApp pano, chonde chonde, nkhaniyi isatuluke mpaka amayi atamva. Pasapezeke woika chithunzi cha amalume pa status ndi timawu toti tiwapempherere, kapena pa Facebook. Amayi foni yawo ilibe WhatsApp, koma anzawo ali nayo, ndipo adzawaimbira kuwapepesa.

Achimwene, inunso ndi amalume anu, musadziyese mwala. Mawu akakanika pakati, palibe cholakwa, azakhali apitiriza. Mukalankhula ndi amalume mundiimbire. Akavomera, Loweruka sindili pa ntchito, tikhoza kupitira limodzi.