Funsani Amalume: Kavalo waulere uja, nditenge?

Amalume moni. Ine ndimakhala ku Makeni, tili ndi plot ya maekala 5 yomwe anatisiyira malemu bambo, pali borehole, nkhuku ndi mbuzi zinayi basi. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 11, chiyambire pomwe anaona akavalo ku Showgrounds nthawi ya show sanatipatseko mtendere, kudzuka kavalo kugona kavalo, foni yanga yadzaza ma video. Manje tinamva kuti kunja kwa tauni kuli malo komwe amasunga akavalo omwe eni ake anawataya kapena kuwazunza, amawachiritsa kenako n'kupatsa anthu. Tinapitako Loweruka. Pali wamkazi mmodzi wofiirira, ati ali ndi zaka ngati 16, anafika nthiti zili panja koma pano wanenepako. Ati sagulitsa, timangosaina pepala ndi kusiya kandalama pang'ono. Amuna anga akuti kavalo ni ng'ombe chabe yopanda nyanga, madeya tili nawo, udzu ulipo, nanga vuto lili pati? Ine mtima ukufuna koma ndili ndi mantha. Nditenge?

Mayi wa ku Makeni

Amayi, mantha anuwo asungeni kaye, ndi abwino. Ndiyambe ndi abambo a kunyumbako chifukwa mawu awo aja ndi omwe angaphe kavaloyu mvula isanagwe.

Ng'ombe imabzikula, mimba yake ili ndi zigawo zinayi, imatha kudya zinthu zachabechabe n'kukhala bwinobwino. Kavalo ali ndi kamimba kamodzi kakang'ono ndipo sasanza, chomwe chalowa chalowa basi. Ndiye mukamupatsa beseni la madeya kamodzi n'kamodzi mudzamupeza madzulo akupalasa pansi ndi mwendo, akuyang'ana kumimba kwake, thukuta lili kamukamu, akugona n'kudzuka, kugubuduka. Imeneyo madokotala amati colic ndipo imapha, nthawi zina usiku umodzi wokha. Madeya ali ndi vuto linanso lapang'onopang'ono, ali ndi phosphorus wambiri koma calcium wochepa, ndiye kavalo wodyetsedwa madeya okhaokha kwa miyezi mafupa amafewa, nkhope imatupa, amayamba kutsimphina popanda chilonda. Chimanga chovunda chija timati aa patsani ziweto, kwa kavalo ndi poizoni, chuku chake chimawononga ubongo. Ndipo poti muli ndi nkhuku mvetserani bwino apa: chakudya china cha ma broiler ndi cha ng'ombe chimakhala ndi mankhwala otchedwa monensin, nkhuku sizimva kanthu koma kavalo akangodyako pang'ono mtima umawonongeka. Sitolo ya chakudya ikhale ndi loko, osati kungotseka ndi waya, akavalo amadziwa kutsegula zitseko kuposa mbuzi zanuzo.

Chakudya chake chenicheni ndi udzu, tsiku lonse, pang'onopang'ono. Kavalo wa makilo 450 amafuna udzu wouma pafupifupi makilo 9 pa tsiku. Werengani nokha, mwezi ndi makilo 270, ndipo kuno ku Lusaka kuyambira May mpaka mvula ya November pansi pamakhala fumbi lokhalokha, ndiye miyezi 6 imeneyo ndi matani opitirira limodzi ndi theka omwe muyenera kugula kapena kumweta nokha n'kusunga pouma. "Udzu ulipo" amanena munthu mu February. Mufunse omwe anali ndi ziweto m'chilala cha 2024 kuti bale imodzi ya Rhodes grass ankaifuna bwanji. Madzi nawonso malita 30 mpaka 40 pa tsiku, mu October kuposa pamenepo, ndiye borehole yanuyo ngati imadalira magetsi ikani thanki, kavalo sadziwa za load shedding.

Tsopano nkhani yomwe imandipweteka mutu kwambiri ine, African horse sickness. Matendawa amabwera ndi timbudzudzu ting'onoting'ono toluma, tochepa kuposa udzudzu, timaluma dzuwa likamalowa mpaka m'mawa ndipo timachuluka nthawi ya mvula makamaka chakumapeto kwake. Kavalo wopanda katemera akagwidwa, mwa 10 aliwonse mpaka 9 amatha kufa, ena amatupa pamwamba pa maso ndi khosi, ena amangotuluka thovu m'mphuno n'kugwa. Mankhwala ochiza palibe. Katemera wodziwika amachokera ku Onderstepoort ku South Africa, ndi mabotolo awiri, lachiwiri limabayidwa patatha milungu itatu, ndipo zimenezi zichitike chaka chilichonse mvula isanayambe. Pamwamba pa katemerayo kavalo azilowa m'khola dzuwa lisanalowe, atuluke mame atauma. Ndiye khola la denga ndi makoma ndi lofunika, si zamanyado ayi. Kuonjezera apo pali katemera wa kafumbata, wa chiwewe, mankhwala a njoka zam'mimba, ndi nkhupakupa zomwe zimabweretsa matenda otchedwa biliary, mkamwa ndi m'maso mumachita chikasu. Ziboda zimadulidwa milungu 6 mpaka 8 iliyonse, ndipo odziwa ntchito imeneyi kuno si ambiri, tengani nambala ya foni ya mmodzi musanatenge kavalo. Mano nawo a kavalo wazaka 16 dokotala aziwaona kamodzi pa chaka, amasongoka m'mbali n'kumacheka tsaya, mudzangoona akulavula timipira taudzu wotafuna.

Mwaona kuti pa zonsezi sindinatchule mtengo wa kavalo? Kumeneko ndiye kotchipa.

Za khalidwe lake. Kavalo wozunzidwa thupi limachira msanga, mutu umatsalira. Ndinaonapo wina pa famu ina cha ku Chisamba, wofatsa ngati mwanawankhosa, mwana amatha kumupesa mchira, koma tsiku lina mnyamata wantchito anangodutsa atanyamula tsache paphewa, kavalo uja anaponya makutu kumbuyo, maso oyera okhaokha, n'kudzimenyetsa ku mpanda mpaka kuchekeka pachifuwa. Palibe amene anamumenya pa famupo, anangokumbukira zakale. Zinatenga miyezi inayi kuti tsache limudutse pafupi iye n'kumangodya. Kuona maso a nkhono n'kudekha amayi, ndipo mwana wazaka 11 yemwe wangoonera ma video kudekha kumeneko alibe, akufuna kukwera mawa lomwe. Ndiye afunseni a kumaloko mosapita m'mbali: kavaloyu amakwereka, ndani anamukwerapo ndipo liti, amaopa chani, amaluma kapena kuponda, msana ndi miyendo zili bwanji. Ambiri mwa akavalo opulumutsidwa sakwerekanso, amangokhala oweta basi, ndipo si cholakwa koma mwanayo adziwiretu. Pemphani buku lake la katemera. Funsani ngati mungamubweze zikakukanikani, ndipo zilembedwe pa pepala lija. Kenako tengani dokotala wanu wa ziweto, osati wawo, akamuyeze, ngati simudziwa poyambira kafunseni ku sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel ku UNZA pa Great East Road. Posamutsa musaiwale permit ya ku ofesi ya veterinary, apolisi a pa roadblock sadzamva zoti ndi wa mwana.

Chinanso, a kumalo osungira akavalo aja akufunsani chani? Malo abwino amavuta, amafuna kubwera kudzaona plot, mpanda, madzi, amafunsa ndani azikhala naye masana. Akangoti bwerani ndi lole mutenge, pamenepo dabwani. Ndipo akabwera adzakuuzani zomwe ndikuuzeni ine pano, waya waminga uchoke, kavalo akadzidzimuka amathamangira momwemo.

Yekha asakhale. Ndi nyama ya gulu, payekha amayamba kuzungulirazungulira mpanda ndi kutafuna mitengo. Mbuzi zanu zithandizako koma bulu mmodzi ndiye mnzake weniweni.

Pomaliza pa inu amayi, kavalo amakhala zaka 25 mpaka 30. Uyu ali ndi 16, ndiye patsala mwina zaka 10 kapena kuposa, mtsikanayo adzakhala ali ku koleji kapena ali ndi nkhani zina zomwe sitizitchula pano, wonyamula ndowa 5 koloko m'mawa mudzakhala inu. Ndiye yankho langa ndi loti musatenge mwezi uno. Pemphani kuti muzipita Loweruka lililonse kwa miyezi itatu, mwanayo azikawola ndowe, kutunga madzi, kutsuka ziboda, osakwera ayi. Abambo nawonso apiteko kawiri konse, akanyamule mabale. Ikatha miyezi itatu onse mukadali ndi chidwi, khola lamangidwa, udzu uli m'shedi, katemera wabayidwa, mutengeni ndipo mundilembere, ndidzabwera kudzamuona.

Amalume, kuno ku Chongwe kuli kavalo wowonda kwambiri yemwe akungoyendayenda m'mbali mwa msewu, mwini wake sakudziwika. Ndikufuna ndimugulire thumba la chakudya adye akhute. Ndigule chiti?

Mnyamata wa ku Chongwe

Mphwanga, mtima wabwino koma thumbalo lisiye m'shopu. Nyama yomwe yakhala ndi njala nthawi yaitali ukaikhutitsa mwadzidzidzi, makamaka ndi chimanga kapena chakudya cha m'thumba, mchere wa m'magazi umasokonekera ndipo mtima umatha kuima patangopita masiku ochepa, iwe n'kumati ndimathandiza. Mupatse madzi oyera ndi udzu wouma wabwino, lucerne (chakudya cha ziweto cha m'gulu la nyemba) ngati waipeza, kamtolo kakang'ono ngati theka la kilo maola 4 aliwonse masiku atatu oyamba, kenako uzionjezera pang'onopang'ono mpaka masiku 10. Koma choyamba pita ku ofesi ya veterinary ya boma pa Chongwe pomwepo ukanene, ndi kupolisi, kuti mawa mwini wake akatulukira usadzatchedwe wakuba ziweto. Pomuyandikira bwera cha kuphewa ukulankhula, osati kumbuyo, wowonda yemweyo mwendo wake ukadali ndi mphamvu yothyola nthiti zako.