Amayi akugwaigwa: kodi tiwaletse kuyenda?

Sabata ino ndalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chamama, m'boma la Kasungu. Akuti amayi awo, a zaka 63, akhala akudwala shuga ndi BP kwa nthawi yaitali, ndipo chaka chino ayamba kugwa pafupipafupi, makamaka akamapita kuchimbudzi usiku ndi akamadzuka pamkeka. Amadandaula kuti mapazi achita dzanzi, nthaka sakuimva. Abale agwirizana kuti gogoyo asamayendenso, azingokhala pakhonde, chilichonse aziwapititsira pomwepo. Funso lawo ndi lakuti: tachita bwino?

Achemwali, ndikudziwa kuti mwatero chifukwa cha chikondi, koma ayi, musawakhazike. Miyendo ya munthu wamkulu siichedwa kufooka akangosiya kuigwiritsa ntchito. Mudzaona kuti kudzuka kokha kukufuna anthu awiri, ndipo tsiku lomwe adzayese okha mulibe, adzagwa moipa kuposa kale. Mantha anuwo ndi omveka ndithu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse padziko lonse chifukwa chogwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Koma mankhwala ake si khonde.

Thupi limaima ngati mphika pamafuwa atatu: maso, m'kati mwa khutu momwe mumauza ubongo ngati mutu wapendekeka, ndi mapazi omwe amamva nthaka. Shuga akakhalitsa amawononga mitsempha ya kumapazi, ndiye dzanzi lija. Fuwa limodzi lachoka. Masana amayi anu amadalira maso, n'chifukwa chake amayenda bwinoko. Kukada maso sathandizanso, ndipo mphika umagubuduka. Kugwa kwa usiku kuja si kwachilendo, ndipo musalole wina akuuzeni kuti pali munthu wawaponda.

Kugwa podzuka ndi nkhani ina, ndipo ine ndikukayikira mankhwala. Ena a BP amachititsa kuti magazi atsike munthu akaimirira msangamsanga, maso n'kuchita mdima. Hydrochlorothiazide, omwe ndi a BP, amakodzetsa, ndiye akamwedwa madzulo ulendo wa kuchimbudzi usiku umachuluka. Glibenclamide, omwe ndi a shuga, munthu akamwa n'kukhala osadya, shuga amatsika kwambiri: thukuta, kunjenjemera, chizungulire. Amitriptyline, amene amaperekedwa kawirikawiri pa mapazi oyaka, amalezula thupi. Musawasiyitse nokha, chonde. Tengani mapaketi onse, ngakhale a kugolosale ndi azitsamba omwe, pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala, mupite nawo ku kiliniki ya shuga ndi BP pachipatala cha boma cha Kasungu kapena ku St Andrew's ku Mtunthama. Musakangonena kuti "sakupeza bwino". Nenani kuti akugwa, nthawi yanji, akuchita chiyani. Pemphani kuti awayeze BP atagona, kenako ataimirira; nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposerapo, adokotala adziwa pogwira. Awaonenso maso, poti shuga ndi ng'ala zimakonda kuyendera limodzi. Funsaninso za a fiziyo, omwe amaphunzitsa masewera olimbitsa miyendo ndi kayendedwe; ngati pafunika zambiri akhoza kukutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. (Inu ena amene mukuwerenga: dzanzi lomweli limagwiranso omwe anamwapo ma ARV akale okhala ndi stavudine, ndi omwe ali pa isoniazid wa TB, n'chifukwa chake amapatsidwanso vitamini B6.)

Tsopano pakhomo. Yendani nokha njira yochokera pomwe amagona kukafika kuchimbudzi, mukuyang'ana pansi. Muzu wa mango wotumphuka, chingwe cha mbuzi, njerwa yogwedera pakhomo, ndere pamiyala ya kubafa, zonsezo zichoke dzinja lisanafike. Zikani mitengo iwiri yolimba m'chimbudzi yoti azigwira, ndipo mmisiri akukhomereni mpando wobowola pakati, chifukwa kunjuta n'kudzuka ndi pomwe ambiri amagwera. Usiku asatuluke n'komwe: kandowa kovindikira m'chipinda ndi tochi pamutu pa bedi. Amayi athu amachita manyazi ndi kandowako, ndiye nkhaniyi muikambe inuyo mwana wamkazi muli awiri, osati pamaso pa akamwini. Mapatapata atayeni, agulireni nsapato zotseka kumbuyo zosaterera. Zimatetezanso ku minga imene phazi la dzanzi silimva. Chitenje chisamakwekwerere pansi. Ngati akuphikabe, aziphika atakhala pampando, wina aziwaphulira mphika.

Ndodo ikhale yoti akaima manja ali m'mbali, chogwirira chifike pamfundo ya dzanja, kunsi kuli labala. Podzuka m'mawa ayambe akhala kaye pabedi, apondeponde pansi, kenako aimirire atagwira chinthu. Tsiku lililonse azidzuka ndi kukhala pampando wolimba kokwana 10, azinyang'ama ndi zala za kumapazi atagwira khoma, komanso aziyenda pabwalo wina ali pambali. Kutchalitchi ndi kumaliro a pafupi azipitabe. Pa kabaza pokha, ayi, pokhapokha wina atakhala kumbuyo kwawo.

Akagwa musathamangire kuwakoka mikono. Afunseni pomwe pakupweteka. Ngati palibe, atembenukire chammbali, agwade, akwawire kumpando, aponde phazi limodzi n'kudzikweza pang'onopang'ono. Koma akamenyetsa mutu n'kuyamba kusanza kapena kugona tulo tosadziwika bwino, pakamwa pakapotoka, mawu akamatuluka molemera, kapena akamalephera kuponda mwendo uli wotembenukira kunja, musadikire kuti kuche ndipo musawathowe. Pezani galimoto, muwanyamule atagona.