Za mafupa a chidole chanu chija, yambani ndi mapazi

Achimwene, mwati chidole chanu cha stop-motion (filimu yojambula chithunzi chimodzichimodzi, mukusuntha chidole pang'onopang'ono) chikumagwa mukangokweza mwendo umodzi, mkono nawo wathyokera mkati mwa siponji, ndiye mukufunsa ngati ndi bwino kuitanitsa armature (mafupa a mkati mwa chidole) ya ball-and-socket, yopindikira pa timipira tachitsulo, kunja. Ndalamayo isungeni kaye. Pachithunzi mwaikacho ndikuona mavuto awiri, ndipo onse angathe musanagule chodula chilichonse.

Choyamba ndi waya. Uyo ndi uja tinkapangira magalimoto tili ana. Pagalimoto ndi wabwino chifukwa ndi wouma, koma ukamupinda amabwerera pang'ono, ndiye chidole chimaoneka ngati chikunjenjemera mufilimu. Wa kopa ndi wofewa, koma ukamupindapinda pamalo amodzi amauma n'kuduka msanga. Wofunika ndi wa aluminiyamu wofewetsedwa, wa 1.5 mm kapena 2 mm, ndipo wa zala ukhale wa 1 mm kapena wocheperapo. Mukapeza wouma, mupakeni sopo wochapira, mumuwambe pambaula mpaka sopoyo ade bii, kenako mumusiye azizire. Sopoyo ndiye belu lanu. Aluminiyamu safiira ngati chitsulo, amangosungunuka inu mukuyembekezabe.

Tengani mawaya awiri kapena atatu, mbali imodzi muimange pamsomali, inayo muipane pa drill, muwapote pang'onopang'ono ngati chingwe. Wina akaduka, enawo amagwirabe. Musapote mothinitsa kwambiri, ndipo kukamwa kwa pulayala muzikulungako tepi. Ine changa choyamba chinathyoka pachigongono penipeni pomwe ndinakanda ndi pulayala, nditajambula kale theka la sewero. Ndinachita kung'amba malaya a chidole ndi lezala, mtima ukuwawa.

Musanapote n'komwe, jambulani chidolecho papepala, msinkhu wake weniweni. Masentimita 20 mpaka 25 ndi abwino kugwira. Lembani pomwe pali bondo, chigongono, phewa, chiuno ndi khosi, kenako gonekani waya pamwamba pake. Pakati pa malo opindikawa matanipo epoxy putty (phala lomata lomwe limauma gwa), monga Pratley Putty kapena Milliput, kuti pakhale fupa. Mukapanda kutero mkono umapindika ponseponse ngati njoka. Pabondo siyani mpata wa sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Mpata ukachepetsa, waya amapindikira pamalo amodzimodzi mpaka kuduka.

Tsopano za kugwa zija, zomwe kwa ine ndiye nkhani yaikulu. Chidole sichiima chokha ayi, chimamangidwa. Kuphazi lililonse ikaniko nati yaing'ono ya M3 kapena M4, muizungulize ndi waya wa mwendo, muimate ndi putty koma bowo likhale lotseguka. Pomata lowetsanimo bawuti yopaka Vaseline kuti putty asatseke mazinga. Thabwa lomwe chidole chikuyendapo mumaliboola, bawuti imachokera pansi kulowa kuphazi, ndiye mumamanga ndi nati ina kunsi kwa thabwa. Phazi likagwira nganganga, mutha kukweza mwendo winawo, kuweramitsa msana, osagwa. Mabowo akale mumatseka ndi pulasitisini wofanana mtundu ndi pansipo. Ena amagwiritsa ntchito maginito, koma pa chidole chachitali ine sindiwadalira. Mutu nawo upepuke: mkati muikemo kaylite (zoyera zopepuka zotetezera katundu m'makatoni zija) kapena siponji, osati dongo lokhalokha. Akakolo akhale olimba kuposa mawondo, mawondo kuposa mikono, poti katundu yense akutsikira kumeneko.

Werengani nokha. Mukamajambula zithunzi 12 pasekondi, mphindi imodzi ndi zithunzi 720, ndipo paliponse mwagwira chidole. Waya adzaduka basi, tsiku lake silidziwika. N'chifukwa chake manja ndi mutu ndibwino zikhale zozula. Odziwa amagwiritsa ntchito timapaipi ta brass ta ngodya zinayi tolowana, ta kampani ya K&S. Mukasowa, tizitsulo ta mkati mwa ma connector a magetsi, tokhala ndi masikuluu awiri tija, timagwira ntchito: mumamasula, kuchotsa mkono woduka, kulowetsa wina.

Ball-and-socket ndi yabwinodi, masitudiyo ngati Aardman ku Bristol ndi Laika ku Oregon amadalira mafupa achitsulo oterewa. Kampira kachitsulo kamapanidwa pakati pa timapuleti tiwiri, sikuluu ili pakati ndiyo imathinitsa kapena kumasula. Mukafuna kuyesa, timapuleti ta tcheni cha njinga tili ndi mabowo kale. Chovuta ndi timipira ta mu bearing: n'touma moti drill imangoterereka, mpaka mutatiwotcha kufiira psuu n'kutisiya tizizire tokha m'phulusa. Kulumikiza kampira ndi kandodo kake kachitsulo kumafuna silver solder (mtovu wolimba womatira zitsulo, wokhala ndi siliva), ya mawailesi ija siigwira. Chidole chimodzi chimafuna malo olumikizira oposa khumi, ndiye ndi ntchito ya masabata.

Ikani chithunzi cha kunsi kwa mapazi ake ndione ngati nati ingakwanemo, poti akuoneka aang'ono kwambiri.